Madzi m'mutu mwa ba Yotamu

Mwaswera bwanji nonse. Tili kuchipatala ku Lusaka ndi akulu anga ba Yotamu.

Pamutu paja madokotala anawachotsapo fupa atagundidwa ndi lole patupa kwambiri, ndipo akungogona, sakundizindikira. Adokotala ajambula, akuti mwadzaza madzi amene akupanikiza ubongo. Akufuna kuika kapaipi kotsitsira madziwo m'mimba.

M'mawa tisanachoke ku Mpanshya ndinapeza azakhali atagwira lezala, akufuna kutema mphini potupapo kuti madzi atuluke. Pansi pa khungulo palibe fupa, ndi ubongo basi! Ndinawalanda lezalayo.

Manje akazi a ba Yotamu akuopa kusaina okha chikalata chovomereza opaleshoni. Akuti zikavuta tidzanena kuti ndiwo apha m'bale wathu. Adokotala akufuna yankho mawa. Asaine kapena ayi? Aliyense ayankhe pompano, tonse tione.