Wophunzira wa Mutu Wouma

A Telala anakhala pa makina osokera zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo zaka zonsezo pakamwa pawo sipanapumepo. Ankasoka akuyankhula, ankayeza kasitomala akumudzudzula, ngakhale ulusi uli kukamwa nkhani inkapitirira. Ndiye Mulungu, mwa nthabwala zake, anawapatsa mwamuna wosayankhula.

Amuna awowo ankasesa ndi kupukuta mashelefu mu laibulale ya sukulu ya abusa. M'mapepala otayidwa ndi ophunzira ndi momwe anatola zilembo za Chiheberi, zonse makumi awiri ndi ziwiri. Chilankhulocho sanachidziwe ayi, anangokonda zilembozo n'kuzisandutsa pemphero. Anadula timakatoni, pa kalikonse chilembo chimodzi, ndipo m'mawa uliwonse ankakhala pawindo akuyang'ana kakatoni kamodzi, ali chete. Chilembo chotchedwa Daleti chinali khomo, ndipo khomolo ndi Yesu. Memu anali madzi a ubatizo. Beti inali nyumba yosiyidwa yotsegula mbali imodzi.

"Anzanu amapemphera ndi mawu," ankatero a Telala. "Inu mwasankha mapazi a nkhuku."

Tsiku lina a Telala anakulunga ulusi pa kakatoni kena. Bamboyo anawakwiyira masiku awiri, ngakhale kwa munthu wachete chotero kunali kovuta kudziwa kuti mkwiyo wayamba liti.

Matenda oiwala anabwera mwakachetechete bambo atapuma pantchito. Poyamba anali makiyi, kenako njira yobwerera kunyumba, kenako mayina a ana. M'mawa wina a Telala atalowa ndi tiyi ndi mankhwala, amuna awo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mayi, ndinu ndani? Akazi anga akakupezani muno muona zakuda."

Anakana tiyi, anakana mankhwala, anakana chilichonse chochokera m'manja mwa mlendo. Pofika tsiku lachitatu mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, sanabise mawu. "Amayi, akapanda kudya tiwatengera kuchipatala, ndipo sindikulonjeza kuti abwerako." A Telala anakadzitsekera m'chipinda chosokera n'kulirira pa nsalu ya kasitomala. Zinawapweteka kwambiri, ndipo anachita mantha.

Koma anaona kuti timakatoni tija bambo sanatiiwale. M'mawa mwake anavala diresi la kutchalitchi, anatenga kope ndi pensulo, n'kugogoda pa chitseko cha chipinda chawo chomwe.

"Aphunzitsi, ndamva kuti mumadziwa zilembo. Ndabwera kudzaphunzira."

Nkhope ya bamboyo inawala. Zaka zonsezi palibe anawapemphapo zimenezi. Anakoka mpando, anathira tiyi m'makapu awiri, anadya buledi ndi wophunzira wawo, ndipo mankhwala anameza atauzidwa kuti asiyidwa ndi akazi awo.

"Chilembo chimodzi pa nthawi," anatero. "Mukachikhoza timachiika m'chitini. Zikatha zonse, maphunziro atha, muzipita kwanu."

Kulemba sikunavute. Chovuta chinali chotsatira chake, kukhala chete mphindi khumi ukuyang'ana chilembo. A Telala ankamva ngati atsamwa. Koma pofika pa Yodi, kachilembo kochepetsetsa komwe bambo ankati ndi dzanja la Mulungu, anadzidzimuka atapeza kuti akupempheradi, maso ali pa zala zawo zobayidwabayidwa ndi singano. Anachita manyazi pokumbukira kuti ndi komwe anakulungirapo ulusi kaja.

Vuto linali chitini. Bambo ankaiwala dzulo, ankaiwala chaka, koma chitini sichinkaiwala. Patebulo timakatoni tinkachepa. A Telala anayesa kubweza tiwiri mobisa, ndipo bambo anakuwa kuti m'nyumba mwalowa akuba, osadya tsiku lonse. Ndiye panatsala njira imodzi yokha, kulephera.

A Telala, mayi wodula mkono wa jekete poyeza ndi diso lokha, anayamba kulemba mizere yokhotakhota ngati mwana wa kalasi yoyamba. Chilembo chimodzi ankakhalapo milungu itatu. Akafunsidwa tanthauzo ankakanda m'mutu. "Mutu wanga ndi wouma, aphunzitsi." Bambo ankapukusa mutu, kuwagwira dzanja n'kuliyendetsa papepala, ndipo a Telala sankafuna kuti dzanjalo lichoke. Komabe chifundo cha aphunzitsi chinkapambana, kakatoni n'kugwera m'chitini.

Linafika tsiku lomwe patebulo panatsala kamodzi.

"Ili ndi Tavu, lomaliza," anatero bambo. "Ndi chizindikiro. Akale ankalilemba ngati mtanda. Apa ndi pomwe zonse zimathera. Lembani."

A Telala analemba chokhota. Anafufuta, analembanso chokhota kuposa choyamba.

Bambo anayang'ana kopelo nthawi yaitali. "Mayi, dzanja lanu si la munthu wolephera. Mukulakwitsa dala."

"Ndikakhoza mundithamangitsa," anatero a Telala.

Bambo anasuzumira kukhomo ngati akuopa kuti wina amva. Kenako anatenga kakatoni komaliza kaja, anakalowetsa m'thumba la shati, n'kusendera pafupi.

"Ndinakuonani kalekale. Ndimangokusiyani, chifukwa nanenso sindifuna muzipita," ananong'ona. "Koma chonde, musawauze akazi anga."