Kagudumu ka pa Chulu cha ku Chinyunyu

Ndinaganiza zochoka ku Chinyunyu chaka chimene chimanga chinapserera chisanamasule. Ndinali nditaphunzirako za makompyuta ku Lusaka, ndiye mnzanga atandiitana ku Joni ndinangoti, basi, ndapita. Amayi anandiperekeza mpaka pamsewu waukulu pamene iwo amagulitsa nthochi zawo, nthunzi ya akasupe otentha ikukwera pang'onopang'ono kumbuyo kwawo. "Uzikamba nane, Tisa," anatero.

Ku Joni ntchito yanga inali yoika mapulogalamu pa seva, kompyuta yakutali imene imakhala yoyaka usana ndi usiku kuti mafoni a anthu azikatengako zinthu. Ndalama zinkapezeka, zina ndinkatumiza kumudzi, koma kusungulumwa kunandidya ine. Kuimba foni kunali kovuta, chifukwa kwathu netiweki imagwira pamwamba pa chulu chimodzi chokha, kuseri kwa tchalitchi, ndipo mawu amangodukaduka.

Ndiye ndinalemba kapulogalamu kangakanga m'chinenero cha makompyuta chotchedwa Python, koti ndiziikamo mawu anga, amayi azimvetsera akafuna. Ndinachita lendi malo pa seva, ndinakweza mafayilo, ndinakonzanso zoti kazidzuka kokha seva ikazima n'kuyakanso. Pafoni yanga kankatseguka nthawi yomweyo. Ndinakadzaza ndi zithunzi zikuluzikulu za nyumba zosanja, mayo ine, kunyada kwake!

Amayi ndinawatumizira pa meseji njira yokatsegulira, ndipo Lamlungu lililonse ndinkalankhula m'menemo. Ndinkanena za kuzizira, za chipinda chopanda wokufunsa kuti wadzuka bwanji, za maloto anga oyenda m'nthunzi ya kwathu osapeza njira. Ndikafunsa pa meseji ngati kakugwira, yankho linali lomwelo: "Kali bwino mwanawe, ndimakuona tsiku lililonse." Mawuwo ndiwo anandisunga zaka zonsezo.

Tsiku limene ndinabwerera, dzuwa litapendeka, amayi anamanga chitenje n'kuti, "Tiye ukadzione." Tinakwera chulu chija. Pamwamba pake panali posalala, pooneka kuti munthu amakhalapo kawirikawiri. Anatsegula pulogalamu yanga. Pafoni panatuluka kagudumu koyera n'kuyamba kuzungulira. Kanazungulira, kanazungulirabe, mpaka nkhuku zinayamba kulowa m'khola. Zithunzi zanga zija zinali zolemera, netiweki ya pachulu sinkatha kuzinyamula.

"Amayi, nanga mawu anga mumawamva?" ndinafunsa.

"Mawu ati? Si iwe uyu?" anatero akuloza kagudumu. "Ukamazungulira chonchi ndimadziwa kuti uli moyo. Tsiku lina unaima, ine nsima sinalowe."

Ndinalikumbuka tsikulo. Seva inali itazima, ine n'kuikonza mosathamanga, ndikumwa tiyi.

M'mawa mwake ndinakhala pachulu pomwepo, laputopu pamiyendo. Ndinachotsa zithunzi zonse, ndinapeputsa mafayilo a mawu, ndinakwezanso pa seva, mbuzi zikundiyang'ana. Amayi atadina, kagudumu kanangoti zunguli kamodzi n'kuzimirira. Kenako ndinadzimva ndekha, mawu a uthenga wanga woyamba wa ku Joni, akunjenjemera, akufunsa ngati mvula yagwa kwathu.

Amayi anaika foni kukhutu n'kumvetsera uthenga umodzi, wina, winanso, akuyang'ana nthunzi ya kuakasupe. Nthochi tsiku limenelo sizinapite kumsewu. Atamaliza anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Mwanawe, unkalira chonchi, ine kuno n'kumati ukuvina?"