Mano a Difu M'beseni

Linali Lachitatu loyamba la mwezi wa Febuluwale, cha m'ma 10 koloko m'mawa, pamene adokotala anandiitanira pakhonde n'kundiuza kuti ndiwatenge bambo ndipite nawo kunyumba. Sanatalikitse mawu, inenso sindinafunse zambiri. Titafika kwanga ku Mangochi, bambo anayang'ana kudenga n'kunena kuti kunyumba kumene iwo ankafuna si kumeneku. Ankafuna kwawo, mudzi wa m'mbali mwa nyanja kupitirira Lungwena, kumene anakalambira akupha nsomba. Ankadziwa kuti akupita kukamwalira, ndipo ankafuna kukamwalirira kumeneko.

Pakati pa msewu waukulu ndi mudziwo pali dambo la makande. M'dzinja limadutsika ndi galimoto yokoka ndi matayala onse anayi basi. Ine ndinali nayo, yakale, yonyamulira usipa. Koma tsiku limene ndinakawatenga bambo kuti abwere kuchipatala, ndinagunda mwala wobisika m'matope, ndipo chivundikiro cha difu ya kutsogolo chinang'aluka. Difu ndi mphika wa magiya umene umapereka mphamvu ku matayala. Kuyambira tsikulo galimoto inangoima pansi pa mtengo wa mango, ikudontha oyilo.

Ndinali ndi mnzanga makaniko ku Monkey Bay, amene anabwera ali mwana kuchokera ku Mozambiki pothawa nkhondo. Anapeza chivundikiro pa galimoto ina yakufa, ndipo Lachisanu anafika nacho atachimangirira pa njinga yamoto.

"Achimwene, galimoto iyi ndi madala, wamkulu ndani?" anafunsa akugona pansi pake.

"Madala."

"Ndiye ikadali mwana, ichira."

Zenera la chipinda cha bambo linali lotsekula. Mawu awo anatuluka otsika, koma tinawamva.

"Mukumata ndi chiyani?"

"Sitikumata, bambo. Tikusintha."

"Kusintha? Bwato langa linang'aluka kangati, unandionapo ndikusintha? Phula ndi chisanza, basi."

"Agogo, iyi sidya phula," anatero mnzangayo akuseka. "Ndi ya m'tauni."

Tinaika miyala kumatayala, n'kutchera beseni pansi pa difu. Mnzangayo anamasula mabawuti kuyambira m'munsi, n'kusiya limodzi la pamwamba kuti chivundikiro chisatigwere kumaso. Atachigogoda ndi hamala, chinatseguka.

Oyilo amene anatuluka sanali wakuda. Anali ngati tiyi wamkaka. Madzi a m'dambo anali atalowera pamng'alu paja. Kenako tinamva zinthu zikugwera m'beseni, ngwe, ngwe, ngwe. Mnzangayo anapisamo dzanja n'kutulutsa tizitsulo tonga maso a chimanga. Anaunikamo ndi foni, ine ndikupukusa tayala pang'onopang'ono. Giya lalikulu linali ndi magweru: tizitsulo tija tinali mano ake.

"Mano amenewa apezeka kuti?" ndinanong'ona.

"Sagulitsa mano, achimwene. Ndi giya lonse, ndi linzake lomwe. Ku Blantyre, mwina. Mwinanso mpaka aitanitse kunja."

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

Anayang'ana kuzenera kuja. Kenako anati, "Ndi matayala akumbuyo okha iyenda. Pa Lungwena mufika. Dambo lija ayi."

Njira zina ndinali nditaziganizira kale. Panyanja pankawomba mpoto. Machila sakanatheka, pakuti bambo ankabuula ngakhale powatembenuza pabedi, nanji kuwanyamula mtunda wonse uja anthu akuterereka m'matope.

Tinachiikabe chivundikirocho. Ndinapala ndi lezala gasiketi yakale, chomatira cha m'mphepete choletsa oyilo kudontha, n'kutsuka m'mphepete ndi petulo. Iye anapaka silikoni mosamala, ngati kuti zinali ndi ntchito. Mabawuti tinamanga modumphitsa, ili kenako la kutsidya kwake, kuti chikhale mofanana.

"Koma tikutsekeranji?" anafunsa tili pakati.

"Kuti mchenga usalowe."

Sanatsutse. Tinathira oyilo watsopano mpaka atasefukira pabowo, n'kutseka. Tinadikira titagona chagada pamchenga. Sipanagwe dontho. Pagalimoto yonse panalibe chinthu chooneka bwino kuposa chivundikiro chimenecho. Mnzangayo anasamba m'manja, n'kukankha njinga yake mpaka pamsewu asanailize.

Dzuwa litapendeka ndinalowa kwa bambo ndi phala. Anamwa pang'ono n'kukana.

"Yasiya kudontha?"

"Yasiya, bambo."

Sindinaname. Ndinangosiyira pomwepo. Anandigwira dzanja, limene linkanunkhabe oyilo.

"Mnzako uja anabwera ndi phokoso," anatero. "Wachoka osatsanzika."

"Anafulumira."

"Iwe, makutu anga sanafe. Zimene zinagwera m'beseni zija si oyilo."

Ndinawauza zonse. Sanadandaule, sanafunsenso za Blantyre. Anafunsa ngati ndinali nditatumiza kale uthenga kumudzi. Ndinati inde, ndinawaimbira azakhali, mlongo wawo yekhayo amene anatsala, kuti asese m'nyumba ndi kuyanika mkeka, pakuti tikubwera.

"Ndiye ukamuuze asiye kusesa," anatero. "Abwere kuno. Asaiwale mkekawo."

Anatembenukira kukhoma okha, popanda kundipempha kuti ndiwathandize, ndipo ndinamva kupweteka kwake m'kapumidwe kawo.

M'mawa mwake ndinagwada pafupi ndi galimoto n'kupititsa chala pansi pa chivundikiro. Panali pouma. Tizitsulo tija ndinataya kudzala. Ndinawasiya bambo ndi mkazi wanga, n'kukwera njinga yamoto ya kabaza mpaka pamene msewu umathera, kupitirira Lungwena. Pamenepo ndinavula nsapato, ndinapinda buluku mpaka m'maondo, n'kulowa m'dambo kukawatenga azakhali.