Msomali umene ndinapita nawo ku Lizulu

Bambo anga anali mmisiri womanga nyumba. Tsiku lina ndili mtsikana, ndikuwapatsira njerwa, anandichenjeza kuti: "Nyumba yoti ugule usakaione mwini wake ali patsogolo. Wokutsogolera amadziwa pamene maso ako sayenera kufika." Mawuwo ndinadzawafuna nditamera kale imvi.

Amuna anga atamwalira anandisiyira ng'ombe zinayi ndi nyumba ino ya ku Mlangeni, kutali ndi msewu. Mawondo atayamba kukana, mwana wanga wamkazi anayambitsa nyimbo yake: gulitsani ng'ombe, mugule nyumba ku Lizulu, pafupi ndi ife, pafupi ndi minibasi yopita kuchipatala. Nyimboyo sanaipeke yekha. Mwamuna wake, mkamwini wanga, anali atapeza kale nyumba, ati ya mnzake amene amagulitsa naye mbatata ya kachewere pamsika. Ine munthu akandipezera chinthu ndisanamutume, tulo timandithawa. Ng'ombe zikapita zapita, ndipo pamsinkhu wanga palibe kugula nyumba kachiwiri.

Mkamwiniyo anafuna tikaione mu Okutobala. Ndinadwala. Mu Novembala ndinadwalanso. Ndinachira mu Januwale, mvula itagwa masiku atatu osakata. M'mawa umenewo ndinamanga msomali wautali pansonga ya chitenje, n'kunyamuka.

Ine, mwana wanga ndi mkamwini tinapeza mwini nyumba ataima pakhonde, mano onse pamtunda. Nyumba yoyera mbee, fungo la laimu likumveka kuchokera kumsewu. Ndani amapaka laimu mu Januwale?

"Agogo, khomo lili uku," anatero ataona ndikukhotera kuseri.

"Ndaliona. Likhale kaye."

Kuseri kunali kotsetsereka, madzi onse a kumtunda amathera pakhoma. Ngalande inalipo, koma yokumbidwa dzulo, dothi lake likuonekabe mapazi a khasu. M'munsi mwa khoma munthu anali atapala ndere, n'kuiwala pakona. Ndinabwerera kukhomo. Ndinalowa.

Pabalaza panalibe chovuta, ndipo ankafuna tikhalitse pamenepo. Anandionetsa malata, anandionetsa mawindo, anandiyatsira getsi kawiri ngati sindinalionepo. Ine ndinapita kuchipinda chakumbuyo. Khoma lomwe lija linali litabisika ndi matumba a kachewere, osanjikizana mpaka pawindo.

"Awa achoke," ndinatero.

Apa ndi pamene mkamwini wanga analankhula. Anaima pakhomo, nkhope atayang'ana kumbali monga mwa ulemu, manja kumbuyo. "Amayi, nyumbayi ndinaiyendera ndekha. Njerwa zowotcha, simenti yokhayokha. Musavutike."

Kwathu kuno mpongozi satsutsana ndi mkamwini maso ndi maso. Zaka zonsezi sitinadyere pamodzi, tikakumana panjira wina amapatuka. Iye ankadziwa kuti akangotsegula pakamwa, ine pakamwa panga patsekeka, chifukwa kuchotsa thumba limodzi kukhala kumunena kuti ndi wabodza. Ulemu wanga ndi umene anabwera kudzagulitsira nyumba.

Mwambo sindinauswe. Sindinamuyang'ane n'komwe. Ndinatembenukira kwa mwana wanga.

"Iwe, uwauze amuna ako kuti ndamva. Uwauzenso kuti matumba atatu apakonawo achoke."

"Amayi, mukutichititsa manyazi."

"Manyaziwo udzagona nawo m'chipinda chino ndiwe?"

Palibe anasuntha. Ndinagwira thumba ndekha, mawondo akulira, n'kuligwetsa. Kachewere wa mbali ya kukhoma anali atamera mizu yoyera. Khomalo linali lakuda mpaka m'chiuno, ndipo kumeneko laimu sanafikeko. Ndinamasula msomali, ndinauika pamzere wa pakati pa njerwa, n'kukankha ndi chala chimodzi. Unalowa ngati m'dzungu lophika. Potuluka unatuluka ndi dothi lofiira, lonyowa. Anamangira matope, simenti anangopaka pamwamba, yopyapyala ngati chikhadabo.

Ndinamupatsa mwana wanga msomaliwo m'manja.

"Uwafunse amuna ako ngati simenti ya masiku ano ikumakhala yofiira."

Mwini nyumba kuseka kunamuthera. Anayang'ana mkamwini wanga n'kunena kuti, "Achimwene, paja munati agogowa savuta?"

Sindinafunenso kumva zina. Mwana wanga anayang'ana pansi. Mwamuna wake anatuluka, ati akukayankha foni, foni imene sinalire. Ndinakwera minibasi ndekha, msomali ndinautenga.

Papita mvula ziwiri. Nyumba ija anagula munthu wina wa ku Bwanje wothawa kutentha, ndipo ndinamva kuti khoma lakumbuyo analichirikiza ndi mitengo itatu ya bulugamu. Ng'ombe zanga zili m'khola, imodzi yaswa. Mkamwini sanapepese. Akuti ndinamuvula pamaso pa anzake a pamsika, ngati kuti matope aja ndinaponda ndine. Mwana wanga amabwera mwakamodzikamodzi, mobisa, ndipo sakhala pansi nthawi yaitali. Zidzukulu mwamuna wake anaziletsa kubwera kuno. Zimenezo zimandipweteka kuposa mawondo, koma sindipita kukagwada kwa munthu amene ankafuna kundigoneka pansi pa khoma lonyowa.

Nyumba ino anamanga ndi bambo anga, msomali sulowa. Vuto lake ndi lakuti ili kutali, ndipo munthu ukagwa kuseri palibe angamve. Choncho inu amene mukuwerenga, mukamadutsa ku Mlangeni, patukani mudzaone ngati pakhomo pano pakufuka utsi. Muodire muli patali, munene dzina lanu ndi kwanu, ndipo mudikire ndikuyankheni. Mukaona zii, kankhani chitseko. Koma amene ali ndi mnzake wogulitsa nyumba apitirire ulendo wake.