Mpando Umene Ndinapatsa Woimba

Msuweni wanga ndiye anandikokera ku baraka ina yomwerako mowa ya ku Insaca Lamlungu masana, nditatha kugulitsa nsomba. Ankati kwabwera woimba wochokera ku Cuamba. Ine ndinkadziwa magule a pabwalo okha, koma uku kunali m'kachipinda, timatebulo tochepa, ndi bambo wa gitala pakona.

Woimbayo anali mayi wamkulu, msinkhu wa amayi anga. Ankayenda pakati pa matebulo akuimba motsitsa mawu, nthawi zina n'kumaseka anthu. Atafika pa tebulo lathu anaima, akuimbabe.

Kwathu sitikhala pampando wamkulu ataimirira. Ndinanyamuka, n'kupukuta mpandowo ndi chipewa. "Khalani apa, mayi," ndinatero.

Anthu onse anafa ndi phwete. Msuweni anandikoka malaya, akuti ndamuchititsa manyazi, umu ndi mmene amaimbira m'tauni. Koma mayiwo anakhaladi. Anavula nsapato, namaliza nyimboyo ali chikhalire, n'kuyambanso ina pomwepo. Mapazi awo anali otupa. Ndinawaona chifukwa ndinaima pafupi.

Msuweniyo amandisekabe mpaka lero. Aseke. Onse aja ankawomba m'manja, koma panalibe amene anayang'ana pansi.