Chaka Chimene Tinafunditsa Chimanga

Fungo la udzu wofolera ukanyowa ndi mvula mpaka lero silindisangalatsa. Limandibweza kudimba kwathu, m'mbali mwa dambo cha ku Nambuma, chaka cha dzombe, ine ndili kamtsikana kongoyamba kumene kusenza mtsuko. Bambo anali atapita ku Halale kukafuna ntchito, ndipo anangoti zii. Pakhomo tinalipo atatu: amayi aNabanda, ineyo, ndi mlongo wanga Yohane, amene anali atangosiya kuyamwa ndipo ankayenda chogwira chipupa.

Dzombe linafika chimanga chili m'mawondo. Tinayamba tamva mkokomo, kenaka kunada masanasana. Mudzi wonse unathamangira kuminda ndi ng'oma, zitini ndi nthambi, ena akusonkha moto wa masamba aawisi kuti utsi ulipirikitse. Ha, kudzivuta chabe! Linatera basi, n'kumadya ife tikuona. Pochoka linasiya timapesi tokhatokha. Ife ana tinakondwa, poti tinakazinga dzombe mpaka milomo kuchita mafuta. Amayi sanalawe n'komwe.

M'nkhokwe munali mutatsala zitsononkho. Chimene tinali nacho ndi chimanga chochepa cha mbewu chimene amayi anapachika kudenga, chakuda bii ndi utsi. Akanatha kuchisinja kuti Yohane azimwako phala. Anachitsitsa, nachiyang'ana nthawi yaitali, mwana akuwakoka nsalu. Kenaka anachitonolera m'lichero. "Tikadya ichi tidzala chiyani?" anatero. "Yohane apirire pang'ono, adzadya chachiwisi cha kudimba."

Koma dzombe lija linali litaikira mazira m'nthaka. Akuluakulu ankati posachedwa tituluka tiana take topanda mapiko, toyenda pansi, tosasiya kanthu kobiriwira. Atsibweni anga a Kachiza, mlongo wawo wa amayi, anagwirapo ntchito ya fodya kwa mzungu wina cha ku Namitete, ndiye nkhani iliyonse ankaiyambira kwa mzunguko. "Kodi nazale ya fodya sitiphimba ndi udzu? Mbande zimamera bwinobwino," anatero. "Phimbani, aNabanda. Osasiya kampata ngakhale kolowa nyerere." Chimene sananene n'chakuti udzu wa panazale umakhala wopyapyala, ndipo amaupatulira mbande zikangomera. Kaya anaiwala, kaya sankadziwa, kaya.

Tinadzala, n'kuzika timphanda tofika m'chiuno, n'kuyalapo bango. Udzu wouma nthawi ya mvula uupeza kuti? Tinasasula denga la kanyumba kathu kophikira. Mphasa zogonera zinatchinga m'mbali, ife n'kumagona pansi, ndipo m'munsi monse amayi anamata ndi dothi. Anangosiya kakhomo kotseka ndi lichero, kolowa ine ndekha, chifukwa wamkulu sakanakwanapo.

M'mawa uliwonse ndinkakwawiramo ndi chikho cha madzi. Munali mdima, mofunda, chinyontho chili thoo, ndipo munkanunkhira chimera chimene amayi ankavundikira akafuna kuphika thobwa. Chimanga chinamera, ndipo chinatalika mwamsanga modabwitsa. ANambewe, mayi wamasiye amene dimba lake linagundana ndi lathu, anadzala tsiku limodzi ndi ife koma osaphimba, poti analibe wowathandiza. Chawo chinali chidakali timasamba tiwiri, chathu chitadutsa kale akakolo. Ndikatuluka amayi ankafunsa kuti chafika pati, ine n'kuloza pamwendo wanga, lero apa, mawa apa. Ndinaona amayi akuseka koyamba chichokereni dzombe.

Chinthu chimodzi chinkandivuta. Kuwala pang'ono kukalowa pakakhomo, ndinkaona kuti chimangacho n'chowonda ndiponso choyezuka. Ndinawauza amayi. "Nanga mwana akabadwa sakhala woyera?" anandiyankha. "Amada pambuyo pake. Tseka msanga apo!"

Tiana ta dzombe tinabweradi, dambo lonse nyakanyaka. Tiana timeneti tinameta dimba la aNambewe mpaka kudothi, koma pa ife tinangokwera udzu n'kutsikira kwina. ANambewe analira chogona pansi. Amayi anawadzutsa n'kuwatonthoza, koma pobwerera kumudzi ankayenda mwamphamvu. Sitinatsegule ayi, kuopa gulu lina.

Kunyumba zinthu zinali zitathina. Tinkadya chisoso, bowa ndi mizu ya nthochi yosinja. Ine mimba yanga inkalandira, koma ya Yohane inkakana. Anasiya kugwira chipupa chija, n'kuyambiranso kukwawa, kenaka kumangokhala. Tsitsi linafiira, mapazi anatupa, timikono tinatsala mafupa. Amayi ankamubereka popita kudimba n'kumamulozera udzu uja. "Chako chili umo," ankatero.

Tsiku lina nditakwawiramo, dzanja langa linakhudza chimanga chili chigonere. Ndinapapasa phando lina, chimodzimodzi. Ndinakuwa. Amayi anatsitsa mwana, n'kuyamba kusasula udzu ndi manja, bango likuwacheka osamva. Mayo ine! Chinali chitalitali, choyera ngati nsalu ya bafuta, cholephera kudziimirira. Tinati mwina chikaona kunja chitsitsimuka. Dzuwa la tsiku limenelo linachiwamba, ndipo pofika madzulo chinali chitafota chonse.

Amayi anafukula phando limodzi ndi chala napeza mbewu ija ikadali kumuzu. Anaifinya. Inangophwafuka, khungu lokhalokha, mkati mulibe kanthu. Anafukula lina, n'kufukulanso lina. Panalibe chiboo cha mbozi ngakhale chiswe. "Wadya ndani?" ankafunsa, osayang'ana munthu. Atsibweni atabwera anapukusa mutu, nati apa pali dzanja la munthu, basi n'kumapita.

Chimene chinatipweteka koposa chinali kuseri kwa malire. Chimanga cha aNambewe, chometedwa chija, chinaphukiranso pamtima, chobiriwira. Sichinabereke kwenikweni, koma chinabereka. Mayi wachifundo uja anatibweretsera chachiwisi pang'ono m'nsalu. Anapeza Yohane titaika kale. Amayi analandira ndi manja awiri, nathokoza, n'kundipatsa ine chonse.

Zaka zambiri ndinkakhulupirira za dzanja la munthu zija, ndipo ndinkayang'ana anthu ena a m'mudzi ndi diso loipa. Ndinadzamva zoona ndili kale ndi imvi, kwa mdzukulu wanga wa kusekondale, tikupalira. Anati tsamba lobiriwira ndilo khitchini ya mbewu. Limakola kuwala kwa dzuwa, n'kuphatikiza madzi ndi mpweya, n'kupanga shuga. Koma mbewu imapumanso ngati ife, usana ndi usiku, ndipo popuma imatentha shuga yemweyo kuti ipeze mphamvu. Ikakhala mumdima siphika kanthu, imangodya kamba amene anali m'njere, ndipo imadzikoka kutalika kufunafuna kuwala mpaka kambayo athe. Anati ngakhale thupi la munthu likasowa chakudya limayamba kudzidya lokha chomwecho.

Ndinaika khasu pansi. Mwana uja anayesa ndatopa. Ine ndinali nditabwerera pakakhomo kaja, ndikuloza pamwendo, amayi akuseka, Yohane ali kumsana. Tinkayesa chikukula, pamene chinkafa ndi njala ngati iye yemwe. Mbewu ija bola tikanamuphikira phala.