Pampu yanu ndi kavalo wadothi

Atate ake Taonga, lero abale anu abwera kuchokera ku Tembwe kudzagawana katundu wanu. Zovala ndinawasiya atenge. Koma atazungulira kuseri kwa nyumba anapeza pampu ija munkapanga ndi njinga yakale kuti izikoka madzi pachitsime. Mng'ono wanu anati, "Izi ndi zitsulo chabe, alamu, sizinatulutsepo ngakhale dontho." Anamasula mawilo ndi tcheni ine nditangoima.

Ndinakumbuka tsiku lija ndinakusekani kuti pampu ilipo koma madzi ndikusenzabe pamutu. Munapukuta girisi m'manja n'kundiuza za mmisiri wakale wa ku Italy, amene anthu amangomudziwa ndi zithunzi zimene anajambula. Munati anaumba kavalo wadothi wamkulu kuposa nyumba yathu, kuti adzamupange wamkuwa. Nkhondo itabwera, mkuwawo anapangira mizinga, ndipo asilikali ankaphunzirira kulasa mivi pa kavaloyo mpaka anagumuka. Kenako munaseka. "Ngati iyeyo ankasiya ntchito panjira, nanga ine mphunzitsi wa ku Chama? Ndipatseni chilimwe chimodzi chokha, amake Taonga." Chilimwecho chafika, inu kulibe. Ndinafuna kuwauza alamu za kavalo uja kuti mwina asiye, koma ndinangowaonerera akunyamula zitsulozo. Manje chatsala ndi paipi imodzi imene munaizika kwambiri, yawakanika kuzula. Ndadutsa pomwepo masana ano, ndowa ili pamutu.